Ku Amereka Amafunsa Kamodzi

Chaka chimene anthu a ku Amereka anakaponda pamwezi, ine ndinali kale mnyamata wa ndevu zanga, ndikuphikira mzungu wina ku Dedza, ndipo nkhani ya mweziyo ndinaimvera pa wailesi yake nditaima pakhomo la khitchini. Tadala mdzukulu wanga, mkazi wanga, sendera kuno, poti iwe ndiwe ukupita ku sukulu kumeneko sabata yamawa. Iwe Chikondi, mwamuna wamkulu, ika pansi foniyo. Mlongo wako akachoka udzaikanda mpaka chala chituwe. Taimani ndege iyi idutse kaye; kuno ku Syokimau, pafupi ndi bwalo la ndege la Nairobi, munthu sumaliza mawu.

Mzunguyo tinkamutcha Bwana Ray. Anali mphunzitsi wa sekondale, wamtali ngati mlongoti, ndipo Chichewa ankachiyankhula chothyokathyoka koma mosachita manyazi. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3, bambo atandichotsa kuti ndizikaweta ng'ombe za amalume, ng'ombe zimene sindinalaweko ngakhale mchira, choncho Amereka yense amene ndimamudziwa ndinamuphunzira ndikusenda mbatatesi. Inu mumati mumamudziwa chifukwa cha mafilimu ndi nyimbo zokuwa zija, koma ine ndinamumva kwa mwini wake. Ankati kwawo ndi ku Iowa, kumene chimanga chimayambira pakhomo n'kukathera kumene maso alekeza, koma chambiri amadyetsa nkhumba ndi ng'ombe. Ndinkati bodza, chimanga kupatsa nkhumba? Ankanena za mtsinje wa Mississippi, woti Shire ndi mwana, ndi za chisanu chimene chimagwa ngati ufa mpaka kutseka zitseko. Tsiku lina anandiuza motsitsa mawu kuti anthu akuda a kumeneko makolo awo anawatenga kuno ku Africa atawamanga, ndipo tsikulo sanamalize tiyi wake.

Tsono iwo ali ndi tsiku lothokoza, Lachinayi lina m'mwezi wa Novembala, pamene banja lonse limasonkhana kudya nkhukundembo. Nkhukundemboyo ndinaiweta ndine, ndinaipha ndine, ndinaiotcha ndine. Dona wake anafuna maungu, ndipo ndinawasaka midzi yonse, poti Novembala si nyengo yake, koma nditawapeza anawathira shuga ndi mazira n'kuwaika mu uvuni. Musaseke, ankakoma. Alendo atakhala pansi, Bwana Ray anandiitana.

"Laisoni, khala nafe patebulo. Lero ndi tsiku la onse."

Ine ndinayankha monga anandilerera amayi anga. "Ayi bwana, zikomo, ndakhuta."

"Chabwino," anatero, n'kuyamba kudula nyama.

Ana inu, kwathu mlendo safunsidwa ngati adya. Amangoona madzi osamba m'manja afika. Ndipo wina akakufunsa, umayamba wakana kuti usaoneke wadyera, mwini nyumba n'kukugwira mkono, kachiwiri, kachitatu, mpaka ukhale pansi ngati wagonja. Ine ndinaima pamenepo kudikira kachiwiri, mimba ikulira, koma ndinangomva mafoloko. Ndinakadyera mafupa ku khitchini, ndikuwamva akunena mmodzimmodzi zimene akuthokoza.

Zimenezo ndikanaziiwala, pakuti njala ya tsiku limodzi sipha munthu. Koma nthawi yawo yobwerera itakwana, tikumanga katundu m'mabokosi, anandikhazika pakhonde. Anati, "Laisoni, bambo anga ali ndi munda waukulu, ndipo kwathu kuli sukulu yamadzulo ya akuluakulu. Ungapite nafe? Za mapepala ndiyesa ine."

Sukulu! Ine amene ndinkawerenga zitini za m'khitchini mobisa! Koma chinthu chachikulu chotero munthu sungachilandire ndi manja awiri nthawi yomweyo ngati unkachilakalaka kale. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ndingakuvutitseni bwana, ine ndine wakumudzi."

Anandiyang'ana, maso ali ngati a munthu wachisoni, kenaka anati, "Ndamva. Umakonda kwanu." Anandigwira chanza, nandipatsa jekete lake.

Masiku otsalawo ndinkapukuta tebulo lopukuta kale, kuzungulira pafupi naye kuti mwina ayambenso nkhaniyo. Sanaiyambe. Galimoto inanyamuka ine ndili pageti, jekete likundifika m'mawondo.

Ukuti chiyani Tadala? Bwanji sindinangomuuza? Ha! Ndikanayamba bwanji, kukapempha chimene ndakana ndi pakamwa panga? Wolakwa ndi iyeyo. Munthu wophunzira, wodziwa mitsinje ya dziko lonse, anakhala pakati pathu zaka, akudya chiponde chathu pa buledi, koma osaphunzira kuti "ayi" woyamba wa Mmalawi ndi moni chabe. Mpaka lero ndikamukumbukira ndimakwiya. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Wanga anapita ndi mphepo, ndipo ndinakalambira m'makhitchini a anthu.

Komabe, ndisaname, munthuyo sanali woipa mtima. Ndipo ndikanapita, agogo anu aakazi akanakwatiwa ndi kalaliki wina wa dazi amene ankawazungulira, mayi anu sakanabadwa, ndipo foni iyi bwenzi ilibe woikanda. Zimenezo ndimazidziwa. Sizichotsa mkwiyo, koma ndimazidziwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti Amereka uja anandilondola mpaka muno m'nyumba. Mayi anu amadzuka m'mamawa kuthamangira sitima kuti akafike ku ntchito ku Gigiri, ndipo amafunsa ali pakhomo, nsapato ili m'manja, "Bambo, mumwa tiyi?" Ndikati ayi, amati "sawa", chabwino wa Chiswahili, chitseko n'kutsekeka. Sindiwada, ntchito ndi imene inawasandutsa otero. Chikondi uyu ndiye safunsa n'komwe. M'nyumba yonse ino ndi iwe wekha Tadala amene umangobwera ndi kapu n'kuiika m'manja mwanga, ndikakana umati, "Agogo, musandivutitse, imwani." Sindidziwa unaziphunzira kuti, poti unakulira m'Nairobi muno. Tsono ndiwe amene ukuchoka.

Usalire, mkazi wanga, sindikukuletsa. Pita, ukaione sukulu imene ine ndinaisiya pakhonde paja, ukaone ngati n'zoona kuti nkhumba zimadya chimanga. Koma umve mawu a nkhalamba. Kumeneko akakuitanira patebulo, khala pansi nthawi yomweyo. Akakufunsa ngati ukufuna thandizo, vomera, usadikire kuti akugwire mkono, chifukwa anthu aja amakhulupirira zimene wanena ndipo safunsanso. Ulemu wa kwathu uusunge mumtima, usakugoneke ndi njala m'dziko la eni.

Koma ukamaimba foni kuno, ukumbukire kuti ukuyankhula ndi Mmalawi. Ndidzakuuza kuti ndili bwino, ndidzakuuza kuti usavutike kubwera, uzilimbikira maphunziro. Usadzayankhe kuti chabwino. Udzandifunsenso, ndipo ndikadzakana kachiwiri, udzafunse kachitatu. Ukadzamva kuti ndakhala chete, mwana wanga, udzabwere.