Laputopu Inapsa M'chipululu, Zolemba Zanga Zinapulumuka

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Lewisham, mumzinda wa London. Ndikulemba izi mtima ukudumphadumpha, chifukwa kalata yafika: ndakhoza maphunziro anga a unesi! Koma miyezi ingapo yapitayo ndinali nditatayiratu mtima, poti laputopu imene munali ntchito yanga ya chaka chathunthu inafa ndi kutentha.

Ine ndine Esinati. Ndimasamalira okalamba panyumba ina konkuno, ndipo masiku opanda shifiti ndimakwera basi kupita kusukulu ku Greenwich. Mu Disembala mchimwene wanga Limbani, amene amagwira ntchito kumgodi ku Australia, anandiitanira ku ukwati wake. Kafukufuku wanga womaliza anali asanathe, ndiye laputopu ndinapita nayo. Ukwati utatha, iye ndi mlamu wanga anati tikagone m'matenti kuchipululu masiku atatu, ndikaone dziko. Munthu wothawa chisanu cha London, ndinavomera ndikuvina.

Abale, dzuwa la kumeneko limaposa la ku Nsanje! Dothi lofiira, ntchentche, timitengo topanda mthunzi. Poopa fumbi, laputopu ndinaiika m'chikwama chakuda n'kuisiya pampando wa galimoto, magalasi onse otseka. Ndinkadziona wochenjera. Pobwera koyenda, chikwamacho chinali chosagwirika. M'malo modikira kuti izizire, ndinaiyatsa pompo. Inawala kamodzi, kenako fungo la pulasitiki wopserera, basi zii. Zolemba zangazo ndinali ndisanazisunge pena paliponse.

Ndinafika ku London kutatsala milungu iwiri kuti ndipereke ntchitoyo. Mashopu awiri anangoiyang'ana n'kundiuza kuti ndiiwale. Kuntchito ndinkadyetsa agogo phala misozi ili chuchuchu, mpaka agogo ena anandipukuta ndi mpango wawo. Pemphero langa linafupika, linatsala mawu ochepa: "Ambuye, mwandifikitsa kutali chonchi kuti ndithere pano?"

Tsiku lina masana ndinakhala pabenchi pamashopu a ku Lewisham, ndikumudandaulira Limbani pafoni. Nditadula, mlonda wa pamalopo, bambo wa imvi, anandiyandikira.

"Amayi, namvela mukamba Chinyanja. Vuto ni chani?"

Anali a Tembo, kwawo ku Chipata. Ndinawafotokozera zonse, ndipo m'malo mondipepesa anamwetulira.

"Ine ku Lusaka ninali kukonza makompyuta. Makina angafe, koma vamene munalemba vimankhala mu kabokosi kena mukati. Mubwele nayo kunyumba."

Loweruka ndinakwera sitima mpaka ku Wembley, laputopu ili pachifuwa ngati khanda. Mayi Tembo anandilandira ndi tiyi, koma sanamweke. Bambowo anamasula makinawo patebulo, n'kundionetsa batire itafufuma ngati mandasi. Kenako anasolola kabokosi kaja n'kukalumikiza ku kompyuta yawo. Ndinatsinzina. Ndinangomva akuti, "Amayi, Esinati ndimwe?"

Kutsegula maso, dzina langa lili pagalasi la kompyuta! Mutu woyamba, wachiwiri, mpaka womaliza, popanda tsamba losowa! Ndinakuwa mpaka aneba anasuzumira pawindo. Ndinagwada pakapeti pomwepo, Mayi Tembo n'kuyambitsa nyimbo, tonse atatu kuimba ngati tadziwana kuyambira kalekale.

Ndisanachoke, a Tembo anandilangiza, ndipo nanunso mumve. M'galimoto yotseka padzuwa mumatentha ngati mu uvuni, musasiyemo laputopu. Ikulungeni m'nsalu yoyera, ikhale pamthunzi podutsa mphepo, batire mutaichotsa. Ikatentha, idikireni izizire musanaiyatse. Ndipo zolemba zanu muzisunge pawiri. Ine tsopano kafulashi kosungiramo zolemba ndimayenda nako pamakiyi.

Ntchito ija ndinaipereka kutatsala masiku atatu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatenga munthu ku Chipata, n'kumuveka yunifolomu ya ulonda, n'kumuimika pafupi ndi benchi yanga pa ola lenilenilo. Kupusa kunali kwanga, koma sanandisiye nako ndekha. Inu amene mwauzidwa kuti zanu zatha, musaleke kupemphera, ngakhale mawu atakutherani. Musachitenso manyazi kulira m'chinenero chanu pagulu, simudziwa amene akumva.

Pamwambo wolandira satifiketi andilola kubwera ndi alendo awiri. Ndaitana banja la a Tembo, ndipo mayi anandiimbira dzulo kuti bambo agula kale tayi yatsopano. Ambuye alemekezeke!