Mukamutseke M'maso Pamasitepe

— Halo?

— Halo, a Darryl? Mukundimva? Ndine Wilf, kuno ku Leeds.

— Aaa, asewere! Mukadali moyo? Ine ndimayesa timu yanu itagonja muja munangokomokera pampando.

— Moni kaye, bambo. Ku Australia kumeneko moni munagulitsa?

— Pepani, pepani. Mwadzuka bwanji, a Wilf?

— Ndadzuka. Kaya inu mwaswera bwanji? Paja kwanuko ndi madzulo.

— Taswera bwino. Kutentha kokhaku, ntchentche mpaka kulowa m'kamwa. Nanga kumeneko?

— Mvula. Kuzizira. Kwacha, koma kunja kuli bii.

— Mwa masiku onse. Nanga mtima uja ukuti bwanji?

— Ukugunda. Mayi a kunyumba ali bwanji?

— Ali bwino, akuthirira maluwa. Noeline! Ndi a Wilf! Eya, akuti moni. Akutinso pepani ndi maliro.

— Maliro a ndani?

— A kiriketi ya ku England.

— Asa! Mpikisano sunathe, a Darryl. Musavine nyimbo isanayambe.

— Nyimbo ndi zanu, asewere. Anthu anu abwera kuno chikhamu, khungu lapsa ndi dzuwa, timu ikukwapulidwa, iwo ali kalikiliki kuimba ndi lipenga tsiku lonse. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo.

— Sekani. Ngakhale mupambane, kamtsuko ka phulusa kamene timalimbirana kaja sikachoka ku London.

— Kumeneko ndiye kuba. Opambana ife, osunga chikho inu.

— Mungakaswe. Manja anuwo sauma mafuta a soseji.

— Ha! Koma nkhalamba iyi! Dikirani, kodi chikugogodacho n'chiyani? Ndikumva go, go, go. Ndi netiweki?

— Ayi, ndine. Ndikukhwimitsa thabwa lomenyera mpira. Latsopano. Ndalipaka mafuta lauma, ndiye ndikuligogoda ndi mpira wakale, ndauika m'sokosi.

— Mukadachitabe zimenezo? Kuno timangopereka kusitolo, makina amagogoda okha.

— N'chifukwa chake matabwa anu amang'ambika. Thabwa limafuna dzanja la munthu, pang'onopang'ono, mpaka lisinthe kalilidwe.

— Ndiye mukufuna kuyambanso kusewera? Mwina timu yanu ikukufunani, yasowa anthu.

— Ndi laling'ono. La mwana.

— Ooo. La Hattie.

— Eya, la Hattie. Mdzukulu wanga.

— Wathu.

— Wanga ndi amene ndikumunena. A Darryl, foni iyi ikudya mapaundi anga, ndingonena. Mwana wanga Gillian wanditumizira chithunzi dzulo.

— Chiti?

— Musandipusitse. Hattie ali kuseri kwa nyumba yanu, kumutu chipewa chachikasu ngati nthochi yakupsa. Inu mwaima pambali, mano onse pamtunda.

— Aaa, chimenecho! Dzuwa la kuno si lamasewera, asewere, mwana sangayende mutu uli pamtunda.

— M'Melbourne monse mulibe chipewa cha mtundu wina? Mwana wobadwira ku Leeds, magazi a ku Yorkshire, kumuveka chipewa cha timu yanu? Ine tiyi anandikanika. Ndinangomusiya patebulo mpaka kuzizira.

— Ndi chipewa chabe.

— Nanga matikiti? Nawonso ndi chabe?

— Matikiti?

— Halo? Mwayamba kusamva tsopano?

— Ndikumva. Gillian wakuuzani.

— Wandiuza. Akuti mwagula awiri. Tsiku lotsatira Khirisimasi mukupita naye kubwalo lalikulu, akaonere England ndi Australia. Koyamba m'moyo wake.

— Ndimati ndikuuzani, koma...

— Liti? Atabwerako? A Darryl, inu munalipo kuchipatala tsiku limene mwana uja anabadwa. Munachita kukwera ndege. Ndinamunyamula pamaso panu, ndinati uyu masewera ake oyamba ndidzapita naye ndine kubwalo lathu la Headingley. Bambo anga anapita nane ine kumeneko. Ine ndinapita ndi Gillian. Munaseka, munati zili bwino, ndikamuonetse mmene anthu amagonjera.

— Ndikukumbuka.

— Kenako mwana wanu Lachlan akuti apongozi, tikupita kwathu kanthawi kochepa, ntchito ikatha tibwerera. Kanthawi kake kameneka? Agula nyumba. Agula galu. Mwana akamayankhula pafoni ndimachita kutchera khutu, mawu akutulukira m'mphuno ngati inu.

— Zimenezo musandinenere ine, kambiranani ndi mkamwini wanu.

— Ndikunenera inu chifukwa zonse mukudya ndinu! Dzino lake loyamba munazula ndinu. Njinga munamuphunzitsa ndinu. Kunyanja ndinu. Ine ndimangolandira zithunzi ngati munthu wa kundende. Chimodzi chokha ndinasungira, chimodzi, ndiye mwatenganso chomwecho. Ndikuchita nsanje, a Darryl. Ndanena. Nsanje yeniyeni, yondisowetsa tulo.

— Mwamaliza?

— Sindinamalize, ndikupuma.

— Pumani, ndiyankhuleko. Inu mukuti nsanje? Nsanje muidziwa inu? Mukudziwa zimene zimachitika kuseri kwa nyumba yanga Lamulungu lililonse?

— Mumaotcha nyama n'kumanyoza England.

— Timasewera kiriketi, banja lonse. Mgolo wa zinyalala ndiye timitengo timene woponya amalasa, mpira ukadumpha mpanda watuluka ndipo ukautole wekha. Ana a kuno amangoti phaa, kamodzi kawiri, watuluka, wina alowe. Masewera okoma. Ndiye alowe Hattie.

— Amatani?

— Samenya! Amaima chilili, chigongono m'mwamba, thabwa lili njo, n'kungoutchinga mpira ugwere pamapazi pake. Wina ukadutsa pambali amangokweza thabwa, kuuyang'ana ukupita ngati basi ya eni.

— Hehe. Pitirizani.

— Musaseke! Sabata yatha analowa dzuwa lili pamutu. Ndinaponya ine, anaponya Lachlan, anaponya aneba. Osatuluka. Asuweni ake anayamba kulira, wina anakagona. Nyama inapserera pamoto. Ine phewa mpaka lero silikutukuka.

— Anapeza zigoli zingati?

— Zinayi! Masana onse, zinayi! Ndinati Hattie, mwana wanga, menya, kuno ndi ku Australia. Mukudziwa anandiyankha chiyani?

— Nenani, nenani.

— Akuti, agogo a Wilf amati usathamangire mpira, woipa umabwera wokha.

— Ananena choncho? Mawu amenewo?

— Amenewo. Mumayesa sindidziwa zimene mumachita pa vidiyo Loweruka? Mumakhala m'khitchini mwanu ndi chipande, kumuonetsa kaimidwe. Mwandionongera mwana muli kutsidya la dziko.

— Sindinaononge, ndakonza.

— Ndipo chipewa mukulirira chija ndinachita kumunyengerera ndi ayisikirimu kuti avale, tijambule. Titangojambula anachivula n'kuveka galu.

— Galu!

— Galu, a Wilf. Chipewa chimene ndinagula ndi ndalama zanga. Tsopano wauza mayi ake kuti kubwalo akavala choyera cha England, cha mikango itatu. Akuti tikakhale pafupi ndi anthu a lipenga aja, nyimbo zawo akuzidziwa kale.

— Iii, mtima wanga! Dikirani ndikhale pansi.

— Ine, Darryl, munthu amene ndakhala mbali imodzimodzi ya bwalo lija ndi anzanga kuyambira tili anyamata. Ndikalowe nditagwira dzanja mdzukulu wovala za England. Adzandiseka mpaka kumanda. Mnzanga Kevin yekha uja adzaimika nkhani imeneyi pamaliro anga.

— Mumupatse moni Kevin.

— Ndimamutenga kusukulu ine. Akadwala ndimakhala naye ine. Koma pakamwa pake, agogo a Wilf amati, agogo a Wilf amati. Inu muli kutali, simulakwa kanthu, simumukalipira kuti atsuke mano. Ndinu mngelo wa pafoni. Ndiye mukandiimbira n'kumati nsanje? Nsanje ili kuno, asewere. Ikundidya ine.

— Sindimadziwa.

— Mukanadziwa bwanji? Munthu sauza mdani wake kuti wavulala pati.

— Koma kubwaloko mukupita naye ndinu.

— Eya. Ndine.

— Ndi pamenepo.

— Tamverani, a Wilf. Mwana sindinamuuze kuti matikiti ndagula kale. Mukanena kuti ayi, ndigulitsa mawa lomwe, ofuna ndi ambiri. Adikire mpaka timu yathu idzabwere kwanuko, mudzapite naye ndinu ku Headingley. Lonjezo linali lanu. Nenani.

— ...

— Halo? A Wilf? Mulipo? Netiweki iyi...

— Ndilipo.

— Ndimati yaduka.

— Sinaduke. Ndinali kwa adokotala Lachiwiri.

— Akuti bwanji?

— Ndege andiletsa, zimenezo mukudziwa. Tsopano akuti masitepe ndichepetse. Ndinawafunsa kuti Australia ikamadzabwera kuno ndidzakhala ndilipo? Anayamba kuyang'ana pakompyuta.

— Madokotala a ku England ali ngati timu yanu, sadziwa kanthu.

— Mwina. Koma mwana asadikire mtima wanga. Musagulitse.

— Mukunenetsa?

— Musandifunse kawiri, ndingasinthe. Koma mukachite mmene timachitira kwathu. Tengani cholembera.

— Ndikumva, nenani basi.

— Mukalowa pageti, musathamange naye kukagula tchipisi. Mukafika pansi pa masitepe otulukira kumipando, muime. Mukhale kumbuyo kwake, mumutseke m'maso ndi manja onse awiri.

— Pakati pa chikhamu chonse chija?

— Anthu adzakulambalalani. Mukwere naye choncho, sitepe imodzi imodzi. Adzamva phokoso likukula, adzafuna kusuzumira, musalole. Mukafika pamwamba penipeni, pamene bwalo lonse likuonekera, muchotse manja.

— Kenako?

— Kenako mukhale chete. Ndikudziwa kwa munthu wa ku Australia n'kovuta. Osamulozera kanthu, osamuuza kuti bwalo lathu ndi lalikulu kuposa la agogo ako. Aone yekha msipu uja, ndi anthu ovala zoyera ali mbuu pakati. Bambo anga atachotsa manja ine ndinaiwala kupuma. Gillian analira.

— Nanga inu, pamene Gillian ankalira?

— Ndinali ndi chimfine.

— Bodza.

— Inu musayang'ane bwalo, a Darryl, munaliona kokwanira. Muyang'ane nkhope yake. Ndiye mudzandiimbire, mudzandiuze mmene inaonekera. Chithunzi sindikufuna. Mudzandiuze ndi pakamwa, zonse, osadumpha.

— Ndidzakuuzani. Koma manja anga omwewa, a mafuta a soseji?

— Mukasambe kaye. Ndi sopo.

— Nanga thabwalo?

— Silinakhwime. Likayamba kulira bwino nditumiza. Musadzaliike m'makina anu aja.

— Ndiye kuti nyama izipserera chaka chonse. Dikirani, galimoto yalowa pageti. Ndi iwowo, abwera kudzadya. Uyo watsika, akuthamangira galu. Ndimuitane?

— Ayi, ayi. Mawu anga sali bwino pano. Ndiyankhula naye Loweruka.

— Chimfine chija chabweranso?

— Chokani apa. Foni yadya ndalama zambiri, ndikudula. Mupereke moni kwa onse.

— Afika. Mumwe mankhwala, nkhalamba inu. Ndipo konzekani, tikukukwapulaninso.

— Tiona. A Darryl! Halo? Chinthu chimodzi!

— Msanga, akugogoda pakhomo.

— Akakayamba kuimbira England pakati pa anzanu aja...

— Ee?

— Ndati m'maso mokha. Pakamwa musamutseke.