Nsanje imene ndinakwera nayo phiri la moto

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga ndi abale nonse, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ambiri mumandidziwa, ndine amene ndimagulitsa nanazi pa Chinakanaka. Lero ndikufuna kuchitira umboni, ngakhale ndi umboni wondichititsa manyazi.

Mukukumbukira kuti chaka chatha ndinakwera ndege. Ena munandiperekeza mpaka pa siteji, ena munati ndikakubweretsereni mchenga. Nditabwera munandifunsa kuti kunali bwanji, ine ndinati kunali bwino. Ndinanama, abale. Kunali bwino kwa ena, osati kwa ine.

Ndili ndi mng'ono wanga, Lusiya. Tinabadwa awiri okha. Mayi athu atamwalira, ine ndinasiya sukulu n'kuyamba kutchola tiyi, iye anapitiriza. Lero amagwira ntchito mu ofesi ku Blantyre, ali ndi galimoto, ali ndi mwamuna womutsegulira chitseko. Ine wanga anapita ku Milanje, ku Mozambiki, kukagula chimanga, mpaka pano akugulabe. Musaseke, amayi, zimawawa. Lusiya akabwera kumudzi ndimamulandira ndi mano poyera, koma m'kati muno ndimati, zonsezi zikanakhala zanga. Zaka ndi zaka, zikanakhala zanga.

Ndiye anandiimbira foni. "Achemwali, ine ndi alamu anu tikupita kutchuthi ku chilumba cha Reyuniyoni, kupitirira Madagasika. Ndikufuna tipite limodzi. Pasipoti ndi mapepala onse ndiyendetsa ndine."

Munthu wabwino akanagwada n'kuthokoza. Ine ndinati mumtima, akufuna womunyamulira zikwama. Akufuna ndikaone ndi maso anga mmene iye amadyera.

Tinafika. Nyanja ya mchere mbali zonse, anthu akulankhula Chifalansa, pabedi nsalu zoyera zoti munthu umaopa kugonapo. Chilichonse chokongola chimene ndinaona chinandibaya. Alamu akamusendera Lusiya lalanje, chinandibaya. Akamufunsa kuti watopa kapena ayi, chinandibaya. Lusiya akati, "Achemwali, tiyeni tikakhale panja ticheze," ine ndimati mutu ukundiwawa. Katatu konse anandipempha, katatu konse mutu unandiwawa.

Tsiku lachinayi tinapita kukaona phiri lotulutsa moto. Ife a kuno phiri timalidziwa, tinabadwira m'tsinde mwake, koma lija ndi lina. Galimoto inakwera mpaka mitengo inatha, udzu unatha, kunangotsala mchenga wofiira ndi miyala yakuda. Ngakhale mbalame sindinaione. Mphepo imabweretsa fungo ngati la mazira oola. Bambo wotitsogolera anati tizitsata penti yoyera imene anapaka pamiyala, tisapatuke, chifukwa miyalayo imacheka ngati mabotolo osweka.

Tinayenda mtunda ndithu, mpaka tinaima pamalo pamene amalola anthu kuima. Patsidya, kutali, nthaka inali itang'ambika. Moto umadumpha m'mwamba n'kugwa, kudumpha n'kugwa, ndipo chiphalaphala chofiira chimatsetsereka pang'onopang'ono. Phokoso lake ngati lole ikukhuthula miyala osaleka. Azungu amene tinali nawo anangoima n'kumayang'ana. Mayi wina analira.

Mukudziwa chimene ine ndimayang'ana? Dzanja la alamu paphewa la Lusiya. Mulungu wandiimika pamaso pa chinthu chimene agogo anga sanachilotepo, ine maso ali pa dzanja.

Lusiya anandipatsa foni. "Tijambuleni, achemwali, moto uonekere kumbuyo." Ndinajambula, inde. Koma ndinapendeketsa foni dala, mitu yawo yonse ndinaidula. Zithunzi zisanu, zonse zopanda mitu. Ndinamubwezera n'kunena kuti mafoni amakonowa sindiwadziwa.

Pobwerera kunagwa nkhungu, yoposa ya chiperoni. Alamu anali patsogolo ndi gulu, ife awiri tinatsalira chifukwa Lusiya amayenda mofooka. Mwadzidzidzi anaterereka n'kugwera pamiyala ija. Msongolo unang'ambika, magazi anayenderera mpaka mu nsapato.

Abale, apa ndi pamene pali umboni wanga. Sindinathamange. Ndinaima. Ndipo mumtima mwanga munabwera kachisangalalo, kakang'ono koma kotsekemera. Ndinati, nayenso amve. Mwana wa mayi anga ali pansi akutuluka magazi, ine ndikuti nayenso amve.

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Sanakuwe ayi. Anangoti, "Achemwali, mwangoima?"

Nditamva mawu amenewo ndinamuthamangira. Ndinamasula chitenje, ndinang'amba, ndinamanga bala. Ndinaitana alamu koma mphepo inameza mawu. Ndiye ndinamubereka. Ndinadabwa mmene analili wopepuka, munthu wodya bwino chotere. Ndinayenda naye ndikufunafuna penti yoyera, mwala umodzi, mwala wina.

Ali kumsana konkuja anayamba kulankhula. "Achemwali, ndakhala ndikufuna kukuuzani. Anandipeza ndi khansa ya bere. Tikangobwerera akandichita opaleshoni. Alamu anu anati tiyambe tapita kwina ndikapume, ine ndinati sindipita popanda inu. Ndikuopa, achemwali. Amayi kulibe, ndikanauza ndani?"

Lalanje lija, abale. Kufunsa kuja koti watopa. Ine ndimachitira nsanje munthu amene akudwazikidwa.

Ndinapitiriza kuyenda naye. Patsogolo pang'ono tinakumana ndi alamu ndi bambo wotitsogolera akubwerera kudzatifuna, ndipo anamulandira. Mwendo anakausoka kuchipatala tsiku lomwelo.

Titabwerera kuno ndinatseka benchi yanga ya nanazi, ana ndinawasiya kwa azakhali awo, ndinapita ku Blantyre kukakhala gadiyani wake kuchipatala. Ndinamusambitsa, ndinamudyetsa, tsitsi litayamba kuthothoka ndine ndinamumeta. Anthu m'wodi amati, koma mayi awa ndi achikondi. Ine ndimadziwa chimene ndinali. Kupemphera kumandikanika, ndikati Atate, ndimadziona nditaima pamiyala ija.

Tsiku lina masana ndikumupaka mafuta kumapazi, ndinaona chipsera chija pamsongolo. Ndinagwada pomwepo n'kumuuza zonse. Za zithunzi, za mutu wonamizira, za kachisangalalo kaja. Ndinati, "Lusiya, utagwa ine ndinakondwa."

Anandiyang'anitsitsa. Kenako anati, "Ndinaona pankhope panu. Chinandiwawa kuposa mwendo." Anatembenukira kukhoma, ndipo masiku awiri sanandilankhule. Tsiku lachitatu m'mawa anati, "Achemwali, sukulu yanu ija ndinaidya ndine, ndipo sindinanenepo zikomo. Tonse tili ndi milandu. Bwerani mundikweze pilo."

Sindikunamizani kuti nsanje inatheratu. Nthawi zina ndikamva hutala ya galimoto yake pamsewu imafuna kudzuka. Koma tsopano ndimaitchula dzina pamaso pa Yesu isanakule, ndipo amandithandiza. Wina muno ali ndi m'bale amene amamusekerera ndi mano okha. Musadikire kuti agwe.

Madokotala akuti mankhwala agwira, azingopita kuchipatala kuti azikamuona. Ndikuthokoza Mulungu amene sananditaye pamene ndinali woipa chotere, ndikuthokozanso amayi a chigwirizano amene munkayendera ana anga.

Lusiya ali muno. Uyo wakhala pafupi ndi zenera, wavala duku yobiriwira. Anati ndikaima pano iye abwera kudzamva. Imirira, mng'ono wanga, akuone. Abale, kondwerani nane, imbani m'manja, amayi lululutani, pakuti Ambuye wandibwezera m'bale wanga. Amen.