Kajuzi ka Mwiza

Pa siteji ya ku Chama, anthu akudikira galimoto ya ku Chifunda, bambo wina anakhala nthawi yaitali akuyang'anitsitsa mayi amene ankaluka chipewa pambali pake. Kenako analimba mtima, natulutsa m'pulasitiki kajuzi ka mwana kosamaliza, masingano ali chilowere.

"Pepani amayi, kodi mkono uwu amaulumikiza bwanji?"

"Aa, atate, mumaluka ndinu?"

"Ndikuyesa chabe. Anayamba ndi akazi anga."

"Manje bwanji osawafunsa eni ake?"

"Tinawaika m'manda mwezi watha. Mtsinje unali wodzaza, kuchipatala tinafika mochedwa."

Mayi uja anaika chipewa chake pamiyendo. "Mayo ine! Nanga mwana?"

"Ali moyo, ndi wamkazi, dzina lake Mwiza. Ali kwa apongozi. Juni wayandikira, ndipo alibe chofunda."

"Tabweretsani ndione. Pothina bwino apa ndi dzanja lawo?"

"Inde. Polekeralekerapo ndi ine."

"Musadandaule, mwana sasankha. Koma onani paphewa apa, ulusi unaphonya, pali kabowo. N'chifukwa chake mkono ukukana. Timasule mizere ingapo, tilukenso."

"Mizere iti?"

"Yawoyi, yomalizirayi."

Bamboyo anakagwira kajuziko mwamsanga. "Imeneyo analuka tsiku limene mimba inayamba kuwawa. Ankadziseka okha kuti manja akunjenjemera."

"Tikaisiya, mkono ukhala wopendekeka, atate."

"Upendekeke, amayi. Ingondionetsani polowetsa singano."