Mabotolo a Dotolo Tarsisio Anayanikidwa pa Dzuwa

Malemu Dotolo Tarsisio Bartolomeu anabadwa pa 9 Malichi 1958 konkuno ku Lifidzi, ndipo anali achiwiri mwa ana asanu a bambo Eusébio Bartolomeu ndi mayi Argentina. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Madalena, mlongo wawo wamng'ono. Akubanja andipempha kuti ndiwerenge mwachidule komanso mofatsa. Zachidulezo ndiyesetsa, koma zofatsazo sindikulonjeza.

Anayamba sukulu pa mishoni pano mu 1965. Atamaliza kwarta kalasi, ndiye kuti kalasi yachinayi, ansembe anawatumiza ku Ulongwe, komwe masiku amenewo kunkatchedwa Vila Coutinho, ndipo ankapitako wapansi, thumba la nyemba lili pamutu. Mu 1978 anapita ku Maputo kukaphunzira kimika, sayansi yosakaniza mankhwala. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mpaka lero mumati anali dotolo wa jakisoni, paja munkawabweretsera ana otentha thupi. Ayi, udotolo wawo sunali wa kuchipatala. Ankakuuzani okha, koma simunkamva.

Mu 1982 boma linawatumiza ku Alemanya wa kum'mawa, dziko limene anzathu a ku Dedza amati Jeremani. Ntchito imene anayamba kumeneko ndikufotokozerani monga momwe anandifotokozera ine, atagwira tsamba la nyemba m'manja. Ankati kuwala kwa dzuwa kukagwa pa tsamba kumakankha kanthu kakang'ono zedi, kosaoneka ndi maso, kotchedwa elekitironi. Kanthuko kamadumpha kuchoka pamalo ena kupita pena, ndipo kudumphako ndiye chiyambi cha chakudya chonse chomwe timakolola. Tsono anthu akayesa kutengera zimenezi m'botolo, kamadumpha ndithu koma kamabwerera nthawi yomweyo, mphamvu n'kutayika. Moyo wawo wonse achimwene ankafunafuna mankhwala oti kanthuko kakadumpha kachedwe kubwerera, kuti mphamvu ya dzuwa igwidwe, isathawe. Mankhwala oterewa sayenera kuona kuwala asanafike pa makina oyesera, chifukwa dzuwa limawapsereza.

Mu 1985 anabwera kutchuthi ndipo anamanga ukwati woyera ndi mayi Benvinda m'tchalitchi chomwechi. Chaka chotsatira nkhondo inatithamangitsa, tinawolokera ku Dedza kudzera pa Kalomwe, alamu anga ali ndi khanda kumbuyo. Bambo athu anamwalira konko kothawirako. Achimwene anamva za malirowo patapita miyezi, ali kunja, ndipo chinthu chimenechi chinawapweteka mpaka kukalamba.

Mu 1989 analandira udotolo wawo. Chaka chotsatira zinthu zinatembenuka m'dziko lija, alendo anauzidwa kuti azibwerera kwawo. Anasiya ntchito yawo yonse patebulo, anabwera ndi sutukesi imodzi. Patapita zaka ziwiri anaiona ntchito yomweyo itasindikizidwa m'magazini ya akatswiri, pamwamba pali dzina la mkulu wa laboratoriyo yawo ndi anzake ena. Dzina la Bartolomeu panalibe, ngakhale m'munsi muja mothokoza anthu otsuka mabotolo. Atadandaula anayankhidwa kuti abweretse umboni. Umboni wanji, abale, munthu wochoka ndi malaya okha?

Kuyambira 1991 mpaka 2018 anaphunzitsa pa univesidade ina ku Maputo. Nyale ya m'laboratoriyo yoyesera mankhwala inapsa mu 1996, ndipo anapuma pa ntchito nyale ina isanagulidwe. Misonkhano yokambirana zogula nyaleyo ndiye inkachitika chaka ndi chaka, ya zakumwa ndi masikono omwe. Koma achimwene anali munthu wa liuma, ife a Bartolomeu timadziwika nalo. Anayambanso ntchito ija paokha, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri anapanga mankhwala atsopano oposa a ku Alemanya aja. Unali ufa wofiirira, wochepa kwambiri, womwe anauika m'timabotolo takuda, kalikonse kokutidwa ndi pepala lonyezimira. Chinatsala n'kuuyesa basi, koma makina ake m'dziko muno munalibe.

Mayi Benvinda anatisiya mu 2015. Mu 2018 achimwene anabwerera kumudzi ndi mabotolo awo. Anapatula chipinda chimodzi, anatseka mawindo ndi nsalu yakuda, pachitseko anaikapo loko. Apa ndiye pakamwa pa anthu panayamba kuyabwa. Ena munkati maphunziro awazungulitsa mutu. Ena munkanena zoposa pamenepo, zimene sindingabwereze thupi lawo lili apa. Tsiku lina achimwene anaimirira pa msonkhano wa mphakati, bambo wamkulu wa imvi, n'kukufotokozerani bwinobwino chomwe chili m'chipindamo ndi chifukwa chake sichifuna kuwala. Munawombera m'manja. Pobwerera munkaseka m'njira, ndipo ine ndinali pambuyo panu.

Mu Juni 2024 anamva nkhani yomwe anaidikira theka la moyo wawo. A Pita Mathero, omwe anali wophunzira wawo ku Maputo ndipo tsopano ndi pulofesoro ku Brazil, anawaimbira foni kuti makina apezeka, abwere ndi mabotolowo mu Januwale. Zikanayenda bwino, dzina la Tarsisio Bartolomeu likanalembedwa poyamba, pamalo pomwe linafufutidwa kale lija. Ndinawaona achimwene akuseka mpaka kuonetsa chibwano. Anakwera shapa, minibasi yathu ija, kupita ku Kalomwe kukagula jekete, eti asakachite manyazi pamaso pa mwana wawo wa sukulu.

Mu Okutobala anadwala chibayo ndipo anagonekedwa m'chipatala ku Ulongwe. Ine ndinapita kukawadikirira, kunyumba kunatsala kopanda munthu. Tsono mwambo wathu mumaudziwa: wodwala akamatuluka m'chipatala sabwerera m'nyumba ya fumbi. Timasesa, timachapa, timatulutsa mphasa ndi zofunda n'kuziyanika, kuti matenda asamupezenso. Ndi mwambo wabwino, inenso ndachitira anthu ambiri. Achibale ndi amayi a mphakati munasonkhana Loweruka lina ndi matsache ndi zidebe. Mutafika pa chitseko chokhoma chija munagwirizana kuti mdima ndi chinyezi cha m'menemo ndizo zawalowa m'chifuwa. Foni ndinali nayo m'manja tsiku lonse, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zondifunsa. Munathyola loko, munang'amba nsalu zija, munavula mabotolo mapepala awo onse, n'kuwandanda pathandala, otsegula, pa dzuwa la Okutobala. Pofika madzulo ufa wofiirira uja unali utayera ngati phulusa. Munati mwaona, zinali zowola kale izi. Munakhuthulira kudzala, mabotolo n'kuwatsuka ndi sopo mpaka mbee!

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti achimwene anachira. Chibayo chinatha, anatuluka m'chipatala akuyenda okha, m'shapa muja ankandiuza za ndege ndi za kuzizira kapena kutentha kwa ku Brazil. Tinafika pakhomo amayi akululutira. Mawindo onse anali pululu, ndipo pakhonde panali mabotolo aja pamzere, akunyezimira, opanda kanthu. Anaima nthawi yaitali akuwayang'ana. Anatola kamodzi, anakayang'ana m'kati, anakabwezera pamalo pake. Kenaka anatembenuka n'kukugwirani chanza mmodzimmodzi, kukuthokozani chifukwa cha ntchito yaikulu yomwe munagwira. Ena mwa inu munanena kuti akulira chifukwa cha chisangalalo.

Tili awiri achimwene anandiletsa kuti ndisatchule nkhaniyi kwa munthu iwo ali moyo, poti munachita ndi mtima wabwino. Ndinamvera, ngakhale zinkanditsamwitsa. Lero ali m'bokosi, lonjezo langa lathera pamenepo. Ndinawafunsa ngati sangapangenso ena. Anangondionetsa manja awo momwe ankanjenjemerera, n'kundikumbutsa kuti zinatenga zaka khumi ndi ziwiri, ali ndi laboratoriyo komanso maso akuona bwino. Anawaimbira a Mathero kuti makina aja apatse ena. Kuchokera pamenepo chakudya ankangochigwiragwira. Chipinda chija sanalowemonso, ndipo jekete lija silinachoke m'pepala lake mpaka dzulo pomwe tawaveka.

Januwale anadutsa ali chikhalire pakhonde. Lachiwiri lapitali, pa 11 Febuluwale 2025, anatisiya ali ndi zaka 66. Achipatala ati ndi mtima, ndipo ine sindikutsutsa.

Malemu asiya ana awiri, a Sankhani omwe amagwira ntchito ku Beira ndi a Zeferina omwe ndi namwino ku Tete, zidzukulu zisanu, mng'ono wawo a Silvano, ndi ine mlongo wawo. Asiyanso ophunzira ambirimbiri, ndipo ena mwa iwo atumiza mawu opepesa kuchokera kutali.

M'malo mwa banja ndikuthokoza abambo mfumu chifukwa cha nsembe ya Misa, anamwino a ku Ulongwe omwe anawasamalira, adzukulu omwe akumba manda m'dothi la mvulali, a kwaya, ndi nonse amene mwagona nafe pano. A Pita Mathero tawathokoza pa foni. Inu amene munakonza nyumba ija, zikomo wanu munalandira kale kuchokera kwa eni ake. Wanga musamudikire.

Chomaliza. Mabotolo aja pakhonde anatha, aliyense anatengako kake, poti ndi timabotolo tokongola, totseka bwino. M'mawa uno ndikudutsa kumene amayi akuphikira anthu a pamaliro, ndaona kamodzi pafupi ndi mafuwa, muli mchere. Musachite mantha, sindikulanda. Kasungeni, ndipo ena nonse amene muli nato m'makwanu muzithiramo mchere, soda, ngakhale fodya. Munthuyu anagwira ntchito zaka makumi anayi, ndipo pa zonsezo chimene dziko lake lachipezera ntchito ndi mabotolo.

Achimwene anakhululuka tsiku lomwelo. Ine mundipatse nthawi. Mzimu wa Dotolo Tarsisio Bartolomeu uuse mumtendere.