Tsiku Limene Esinati Anaitana Mpira

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Ambiri mumandidziwa, ndine amake Esinati, wogulitsa masamba ku Kalingalinga. Lero ndaimirira chifukwa cha mwana ameneyu.

Kale tinkakhala ku Matero, m'nyumba ya njerwa. Atate ake a Esinati anali kalipentala, munthu wa nthabwala, ndipo mwanayu anatengera iwo. Pakamwa pake sipankatsekeka. Kenaka chifuwa chinawagwira amuna anga. Anatsokomola, anatsokomola, mvula isanathe tinawaika m'manda. Nyumba ija inali ya kuntchito kwawo, choncho anatiuza kuti tituluke. Tinasenza katundu pamutu mpaka ku Kalingalinga, kumene ndinamanga kanyumba ka dothi ndi manja angawa.

Ine ndinalira mpaka kutopa. Koma Esinati sanalire. Anangosiya kulankhula. Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi, abale anga, anangoti zii. Ukamutuma, apita. Ukamupatsa chakudya, alawa pang'ono. Ukamufunsa kanthu, angokuyang'ana. Kuchipatala anamupima nati alibe matenda. Tinapemphera, miyezi inapita, mawu osabwera.

Tsiku lina alamu anga, akulu awo a malemu, anabwera kuchokera ku Marapodi. Anamuyang'ana mwanayo nati, "Ba mulamu, uyu mwana tauni yamukana. Sukulu ya munthu osakamba ni ya chani? Mwezi ukasila nizamupeleka kumunzi."

Kwathu mwana ndi wa kuchimuna, ndinalibe mphamvu yokana. Atachoka ndinagwada pakhomo pomwepo. Ndinati, Ambuye, mwamuna mwatenga, nyumba yapita, uyu yekhayu ndisiyireni.

Loweruka lotsatira tinkachokera kokagula masamba a malonda, ine dengu pamutu, iye pambuyo panga. Tikudutsa pabwalo la sukulu ndinamva kuti sakunditsatira. Nditacheuka ndinamuona ataima, maso ali pa atsikana amene ankasewera. Chimwalirire atate ake, anali asanaimirepo chinthu chilichonse. Ndinatula dengu.

Aphunzitsi amene ankayang'anira masewerowo, Mayi Zulu, anatiyandikira. Ndinawafotokozera zonse. Iwo anati mwanayo azibwera masana, ayese masewero onse, koma asankhe yekha. Ine za masewero sindinkadziwa kanthu, kwathu mtsikana ankadziwa phada basi. Komabe ndinayamba kutseka malonda msanga n'kumamuperekeza.

Anayamba ndi liwiro. Anathamanga bwino ndithu, koma atafika kumapeto anakakhala yekha pansi pa mtengo. Anayesa kulumpha ndodo, anagwera mu utuchi, anadzuka, anadzisasa, nkhope yosasintha. Mumtima ndinati, pothamanga munthu amakhala yekha, polumpha amakhala yekha, ndipo mwana wangayu za kukhala yekha zamukwana. Koma sindinamuuze. Ndinangomufunsa kuti mtima wake uli pati. Anatambasula dzanja, naloza mzati wokhala ndi mkombero wachitsulo pamwamba, pamene atsikana amasewera mpira wa manja.

Ndinadula chitenje changa chopitira kutchalitchi, ndinamusokera siketi. Ndinachotsa mkombero wa ndowa yobooka, ndinaukhomera pamtengo kuseri kwa nyumba. Mpira tinamanga wa nsanza. Ndipo ine, mayi wamasiye, ndinayamba kuponyerana mpira ndi mwana wanga. Anansi ankaseka. Ena ankati maliro andizunguza mutu. Ena ankati mtsikana wolumphalumpha miyendo ili pamtunda sadzakwatiwa. Ndinkawamva, koma ndinkaonanso kuti mbale yake yayamba kutsala yopanda kanthu.

Vuto linali limodzi. Mpira wa manja umafuna pakamwa. Ukapanda kuitana, anzako sakuponyera. Esinati ankathamangira pamalo abwino, naima, nakweza manja, koma chete. Mpira unkamudutsa.

Mwezi uja utatsala pang'ono kutha, kunabwera atsikana a sukulu ina kudzapikisana ndi athu. Mtsikana wina wa kwathu anadwala, Mayi Zulu analowetsa Esinati. Alamu anga anali atabwera kudzakamba za ulendo wa kumudzi uja, ndipo ndinawapempha kuti tikaonere kaye. Masewero atafika pakati, ndinaona mwana wanga ataima yekha pansi pa mkombero, popanda womutchinga. Mnzake anali ndi mpira, akuyang'ana uku ndi uku, osamuona.

Abale ndi alongo, ndinamva mawu.

"Kuno! Ponya kuno!"

Sindikudziwa ngati anagoletsa. Ena amati anagoletsa, ena amati anaphonya. Ine ndinali nditakhala pansi m'fumbi, ndikulira. Atatuluka m'bwalo anabwera kwa ine, thukuta lili kamukamu, nati, "Amama, ndili ndi ludzu." Kenaka anandigwira m'khosi nalira atate ake, kulira kumene sanalire pamaliro.

Alamu anga anavula chipewa. Za kumudzi sanazitchulenso.

Lero tikadali m'kanyumba ka dothi komweko. Ndikugulitsabe masamba. Denga limadontha, sindikubisirani. Koma Esinati ali pasukulu, amasewera, amadya, amaimba m'kwaya. Ndikuthokoza Mulungu amene anamuimitsa pabwalo paja. Ndikuthokoza Mayi Zulu. Ndikuthokozanso inu amene munkatipempherera.

Lero m'mawa, pobwera kuno, ndinachita kumupempha kuti akhale chete pang'ono, kuti ndikonze mawu oti ndidzanene pamaso panu. Sanakhale chete. Ambuye alemekezeke. Amen.