A Chigamba ndi Msewu wa Phula

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1961. Kwa ife anali atate aang'ono, kwa inu nonse anali a Chigamba. Sukulu analekezera Sitandade 7, chaka chimene madzi anakokolola mlatho wopita kusukuluko. Mlathowo unadzamangidwanso iwo atamera kale ndevu.

Mu 1983 anayamba kumata matayala pansi pa mtengo wa pamphambano, ali ndi pampu imodzi ndi beseni lofufuzira pobooka. Msewu unali miyala ndi maenje okhaokha, ndiye ntchito sinkasowa. Ankakonda kunena moseka kuti msewu woipawo ndiye bwana wawo.

Mu 1987 kunabwera mtsikana wina ndi njinga yophwa tayala, katatu sabata imodzi. Ulendo wachitatuwo malemu anaona kuti chubu chabooledwa ndi singano, osati mwala. Anangomata mwakachetechete, osalipiritsa. Mtsikanayo ndi mayi athu aang'ono akhala apawa. Chaka chisanathe anamanga banja.

Boma litathira phula mu 2021, matimati a kuno anayamba kufika kutauni asanaphwanyike, magolosale anachuluka, achinyamata anagula njinga zamoto. Koma matayala analeka kuphulika. Miyezi isanu malemu ankangoswera pabenchi, manja ali m'thumba. Sanatukwane msewu. Ali ndi zaka 60 anaphunzira kukonza njinga zamoto, anamanga shedi ya malata, n'kulemba ntchito anthu atatu.

Chimodzi chokha sanasinthe. Moyo wawo wonse ankawoloka msewu ndi khutu, poti galimoto inkamveka ikadali kutali, ikudumpha m'maenje. Paphula galimoto imafika isanamveke. Lachiwiri, pa 14 Januwale 2025, cha m'ma 10 koloko m'mawa, anawoloka kukabweza sipanala imene anabwereka, galimoto n'kuwagunda. Sanadwale, abale anga, ngakhale mutu. Tiyi wawo tinamupeza pabenchi akadali wotentha. Mpaka pano sitikumvetsa.

Kalata yathu yopempha zitunda zochepetsa liwiro pamsewuwu yatha chaka ili ku ofesi ya boma, ndipo ana asukulu amawolokera pomwepo. Akuluakulu muli pano, tidikirenso mpaka liti?

Asiya mkazi, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza anjinga zamoto amene anathamanga nawo kuchipatala, anamwino amene anayesetsa, ampingo, ndi inu nonse mwabwera kudzatigwira mkono. Ambiri mwabwera pamsewu womwewo. Pobwerera, chonde muyang'ane uku ndi uku.

Mzimu wa atate athu uuse mumtendere.